Thupi lachira, mtima ukadali pamphasa: okalamba ndi HIV ku Mualadzi

M'midzi ya ku Mualadzi, m'boma la Chifunde kumpoto kwa chigawo cha Tete, munthu wodwala amadziwika ndi munda wake. Mvula ikakhazikika, anzake n'kupalira kachiwiri koma mizere ya agogo ena ikadali m'tchire, anthu amayamba kufunsana. Okawazonda amawapeza ali pakhonde, thupi lili bwinobwino, sakutsokomola, alibe zilonda, sanaonde ngati odwala a zaka zakale zija. Nsima ya dzulo ili m'mbale chivindikirire. Akafunsidwa amayankha mwachidule kuti, "Ndili bwino ine, koma mtima ndiwo ukundiwawa," kapena kuti, "Usiku tulo sitibwera, ndimangoganiza." Ozondawo amabwerera akunena kuti ndi ukalamba basi. Chimene sakudziwa n'chakuti m'denga, pakati pa udzu ndi phaso, muli kabotolo ka ma ARV kokulungidwa m'kansanza kuti kasamachite phokoso, ndipo padutsa masabata awiri kasanatsekulidwe.

Agogo oterewa akudwala matenda awiri. Oyamba ndi kachilombo ka HIV, kamene masiku ano kamagonja ndi piritsi limodzi patsiku. Achiwiri ndi matenda a maganizo amene kuchipatala amawalemba m'Chipwitikizi kuti depressão, pamene kumudzi timangoti kuganiza kwambiri, kusweka mtima kapena kutaya mtima. Mfundo yanga ndi yakuti matenda achiwiriwa ndi enieni, ndi ochizika, ndipo tikawalekerera amagwetsa ntchito yonse imene mankhwala a HIV agwira. Ndikunenanso kuti thandizo lake loyamba sitiyenera kulidikira kuchokera ku Maputo. Lili kale m'mudzi, m'magulu a anthu olandira mankhwala, m'mipingo ndi mwa okalamba eni ake. Chikusowa ndi chizolowezi chomufunsa munthu wamkulu za mtima wake, ndi luso lomvetsera akayamba kuyankha.

Kuti timvetse katundu amene anthuwa asenza, tiwerenge zaka zawo. Munthu wobadwa mu 1965 m'dera lino anali ndi zaka zitatu pamene Frelimo inafikitsa nkhondo yomenyera ufulu ku Tete mu 1968. Ufulu wa mu 1975 sanaudyerere, chifukwa posakhalitsa kunabuka nkhondo yapachiweniweni, midzi yambiri ya m'malire n'kusanduka mabwinja, eni ake atathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena mpaka kumsasa wa Ukwimi m'dera la Petauke. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anabwerera kudzagwetsa tchire m'minda ya makolo awo, ndipo m'zaka zomwezo Edzi inayamba kulowa nyumba ndi nyumba. Ma ARV anayamba kufala m'zipatala za boma cha m'ma 2004, ndipo kumidzi yakutali anafika mochedwerapo. Pakati pa zaka zimenezi munthu ameneyu anadwazika mwamuna kapena mkazi wake, anaika m'manda ana amene ankayembekeza kuti adzamuika iyeyo, kenako n'kutsala ndi adzukulu oti awalere. Iye anapulumuka, koma chisoni cha maliro onsewa sanapeze mpata wochilira, popeza mawa lake kunali munda wolima ndi ana ofuna nsima.

Kwa zaka zambiri anthu amenewa sankawerengedwa n'komwe. Ziwerengero za HIV zimene mayiko ankalengeza zinkakhala za anthu a zaka 15 mpaka 49, ngati kuti munthu akafika zaka 50 nkhani za m'nyumba zimatha. Kafukufuku wa INSIDA wa mu 2021 anayeza anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo anapeza kuti 12.5 peresenti ya akuluakulu a mu Mozambique ali ndi kachilomboka, 15 peresenti mwa amayi ndi 9.5 peresenti mwa abambo. Kachilomboka kanapezeka kwambiri mwa anthu a zaka zapakati pa 35 ndi 49. Zimenezi zikutiuza za mawa: popeza mankhwala akuwasunga ndi moyo, anthu amenewa ndiwo agogo a zaka khumi zikubwerazi. Palinso ena amene akutenga kachilomboka atakula kale. Mayi amene wasiya kusamba saonanso chifukwa cha kondomu, bambo wamasiye amakwatiranso osayezetsa, ndipo namwino wachinyamata amachita manyazi kufunsa munthu wa msinkhu wa agogo ake za zogonana. Motero ambiri amadziwika mochedwa, matenda atawafooketsa kale.

Ofufuza m'mayiko osiyanasiyana apeza mobwerezabwereza kuti matenda a maganizowa amagwira anthu amene ali ndi HIV kawiri kapena katatu kuposa anthu ena. Kwa munthu wamkulu pakati pa Achewa pali chifukwa china chimene chiwerengero sichingaonetse. Ulemu wake wonse wagona pa kukhala wolangiza. Mayi wachikulire ndiye namkungwi amene amalanga anamwali, bambo wachikulire ndiye nkhoswe kapena mwinimbumba amene amaweruza nkhani za mabanja a ena. Munthu wotere akauzidwa kuti ali ndi kachilombo, funso loyamba limene limamubaya si la imfa ayi, koma lakuti, "Ana akamva adzandiona bwanji?" Mnyamata angathe kuuza mnzake wapamtima, koma agogo anzawo ambiri anatha, ndipo mwambo sulola kuti akhuthulire mdzukulu kapena mkamwini nkhani yotere. Choncho amasenza chinsinsi okha. Amanamiza ana kuti akupita kuchigayo kapena kukaona m'bale pamene akupita kukalandira mankhwala, amamwa piritsi mumdima, ndipo pang'onopang'ono amayamba kupewa anthu kuopa kuti wina angazindikire. Chinsinsi chimene chinayamba ngati chishango chimasanduka mpanda wowatsekera kunja kwa mudzi wawo womwe.

Thupi nalo lili ndi mbali yake. Munthu wokalamba chitetezo cha m'thupi mwake chimabwerera pang'onopang'ono ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika, ndipo pamwamba pa HIV pamabwera BP, shuga, kuphwanya kwa mafupa ndi dzanzi la m'mapazi. Ululu wosatha umadya tulo, ndipo kusowa tulo kumadyetsa maganizo. Mankhwala ena nawonso ankawonjezera vutoli. Efavirenz, amene anthu ambiri anamwa kwa zaka zambiri, amadziwika kuti amabweretsa maloto oopsa, chizungulire, ndiponso kwa ena kukhumudwa. Kuyambira mu 2019 Mozambique inasamutsira anthu ambiri ku piritsi lokhala ndi dolutegravir, limene ambiri amaliyanja bwino, ngakhale ena limawasowetsa tulo akamamwa usiku. N'chifukwa chake munthu wamkulu amene wasintha khalidwe atangosinthidwa mankhwala ayenera kukauza achipatala, osati kungosiya kumwa mwakachetechete.

Tisasokoneze matendawa ndi chisoni wamba. Wofedwa amalira, amakana chakudya masiku angapo, koma anthu akamabwera kudzamupepesa amatonthozeka, ndipo akameta maliro amabwerera kumunda. Matenda a maganizo ndi ena. Kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, munthu amakhala wokhumudwa kapena sasangalalanso ndi zimene ankazikonda. Mayi amene ankatsogolera nyimbo kumphakati amangoti zii, bambo amene sankaphonya bawo pansi pa mtengo satulukanso m'nyumba. Chakudya sichikoma, tulo timatha pakati pa usiku, mphamvu zimathawa, amaiwalaiwala, amadziona ngati katundu wolemetsa ana, ndipo ena amayamba kunena kuti bola kufa. Okalamba ambiri satchula chisoni n'komwe. Amadandaula mutu, kutentha m'thupi, mtima kuthamanga, ndipo amabwerako kuchipatala ndi panado. Munthu amene sakuonanso chifukwa chodzukira mawa saonanso chifukwa chomwera piritsi lero. Akadumphadumpha mankhwala, tizilombo timachulukanso m'magazi, thupi limafooka, munda umagona, njala imalowa, ndipo maganizo amakula. Ili ndi gudumu limene limadzizunguza lokha.

Tisaganize kuti okalambawa angokhala manja lende. Ali ndi njira zawo zopiririra, ndipo zambiri n'zanzeru. Ntchito ndi imodzi: kukhala ndi dimba, nkhuku kapena mbuzi zoti zimudzutse m'mawa kumamupatsa munthu tsiku lokhala ndi mutu ndi mchira. Chikhulupiriro ndi china: pemphero, kwaya, mphakati kapena chigwirizano cha amayi zimamukumbutsa kuti ali ndi malo pakati pa anthu. Adzukulu, ngakhale ali katundu, alinso chifukwa chokhalira ndi moyo, ndipo agogo ambiri amamwa mankhwala ponena kuti, "Ndikafa ine, ana awa atsala ndi yani?" Taonani kuti njira zonse zothandizazi zili ndi chinthu chimodzi chofanana: zimamumangirira munthu kwa anthu ena ndi ku ntchito yofunika. Njira zovulaza nazo zili ndi chofanana chawo, chifukwa zonse zimamupatula. Kachasu amagonetsa usiku umodzi koma amakulitsa kukhumudwa ndi kuiwalitsa mankhwala. Kudzitsekera m'nyumba kumateteza chinsinsi, koma mayi wachikulire wokhala yekha, wolankhula yekha, wosapita kumaliro, sachedwa kulozedwa chala kuti ndi mfiti, ndipo akatero amatayidwa ndi anthu omwe akanamuchiza.

Ngati mankhwala ake ndi kulumikizana ndi anthu, chigawo cha Tete sichiyenera kuphunzira kwa wina, pakuti ndicho chinaphunzitsa mayiko ena. Mu 2008 odwala eni ake, pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières ndi akuluakulu a zaumoyo m'chigawochi, anayambitsa timagulu timene lero timadziwika kuti GAAC. Anthu osapitirira asanu ndi mmodzi okhala moyandikana amagwirizana kuti mwezi uliwonse mmodzi yekha ndiye azipita kuchipatala kukatengera onse mankhwala, mosinthanasinthana. Dzulo lake la ulendo amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo, aliyense n'kukhuthula mapiritsi otsala, kuwawerenga pamaso pa anzake, n'kulemba pakhadi la gulu. Wopitayo amanyamula makhadi ndi madandaulo a anzake, ndipo pobwera amagawa mabotolo. Lipoti lofalitsidwa mu 2011 linaonetsa kuti mwa anthu pafupifupi 1,300 a m'timagulu toyambirira, oposa 97 pa 100 alionse anali akadali pa mankhwala. Unduna wa Zaumoyo unatenga njirayi n'kuifalitsa m'dziko lonse, ndipo inafika ku Malawi ndi mayiko ena. Cholinga chinali kuchepetsa maulendo ndi ndalama zoyendera, koma timaguluti tinabala chipatso china: malo amene munthu angatchule matenda ake mokweza popanda kuopa.

Chipatso chimenechi ndicho tiyenera kuchisamala tsopano. Masiku ano munthu amene akuyenda bwino ndi mankhwala angathe kulandira a miyezi itatu, m'malo ena mpaka isanu ndi umodzi. Kwa nkhalamba ya ku Mualadzi, yokhala kutali ndi chipatala, kumene misewu imavuta nyengo ya mvula, chimenechi n'chifundo chachikulu ndipo palibe amene angachitsutse. Koma tionenso mbali inayo. Munthu amene ankaonana ndi anzake a gulu mwezi ndi mwezi tsopano angathe kutha theka la chaka osakumana ndi aliyense wodziwa za matenda ake. Botolo limakhala lodzaza, koma palibe woona kuti silikutsekulidwa. Yankho si kubweza maulendo a mwezi ndi mwezi ayi, koma kusunga kukumana ngakhale chifukwa chake choyamba chatha, ndi kuwonjezera funso limodzi pambuyo pa kuwerenga mapiritsi: "Nanga mtima uli bwanji mwezi uno?"

Wina angafunse ngati kucheza chabe kungachize matenda. Umboni ulipo, ndipo ndi wa kuno ku Africa. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006, imene imaphunzitsa amayi achikulire kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi munthu wodwala matenda amene Ashona amawatchula kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Agogowo salamula. Amamvetsera, amathandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha limodzi loti ayambe nalo, ndi kukonza chochita asanakumanenso. Kafukufuku wa anthu 573 wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 14 pa 100 alionse mwa amene anakhala pabenchi anali akadali ndi zizindikiro za matendawa, poyerekeza ndi 50 pa 100 mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Kumpoto kwa Uganda, dera limene nalonso linazunzika ndi nkhondo, Etheldreda Nakimuli-Mpungu ndi anzake anayesa uphungu wa m'magulu kwa anthu amene ali ndi HIV, wotsogoleredwa ndi alangizi wamba, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2020 zinaonetsa kuti pafupifupi onse a m'maguluwo anachira. Ambiri mwa othandizidwa ku Harare anali achinyamata ndi apakati, koma taonani amene ankachiza: anali agogo. Nkhalamba imene mudzi ukuiona ngati katundu ndi yomweyo imene, itaphunzitsidwa, ingakhale mchiritsi wa anzake.

Ena adzati vuto la agogowa ndi umphawi, osati maganizo, ndipo mawu sadzaza nkhokwe. M'menemo muli choonadi chachikulu. Munthu amene alibe ufa, fodya wake sanagulidwe bwino, ndipo adzukulu akufuna makope, ali ndi chifukwa chomveka chosowera tulo. Thandizo la ndalama limene bungwe la boma la INAS limapereka kwa okalamba osauka ndi lochepa ndipo silifikira onse, choncho kulimenyera kuti likule ndi mbali ya nkhondo yomweyi. Komabe m'mudzi umodzi, pa umphawi wofanana, ena amadzuka n'kupita kudimba pamene ena alephera ngakhale kusamba. Kusiyana kumeneku ndiwo matenda. Ndipo matendawo amakulitsa umphawi, chifukwa munda wosapalira subala. Uphungu wabwino sunyalanyaza mimba: magulu a ku Uganda ankaphunzitsanso njira zopezera ndalama, ndipo benchi la ku Harare limayamba ndi vuto limene munthu walitchula yekha, ngakhale likhale la chakudya. Gulu la GAAC limene lili ndi chipereganyu kapena dimba la onse likuchiza mbali ziwiri nthawi imodzi.

Ena adzati zimenezi n'za azungu, ife tili ndi pemphero ndi asing'anga. Koma dzina lokha ndilo lachilendo. Makolo athu ankadziwa kuti munthu amatha kudwala ndi maganizo, n'chifukwa chake anakhazikitsa mwambo wogona pasiwa ndi wosamusiya yekha wofedwa, ndipo anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Mbusa, katekisiti kapena sing'anga nthawi zambiri ndiye woyamba kumva dandaulo la nkhalamba, motero ndi mnzathu pa ntchitoyi. Malire ake ndi awiri okha: asauze munthu kuti asiye ma ARV, ndipo asamuuze kuti kukhumudwa kwake ndi tchimo, kuchepa chikhulupiriro kapena kulodzedwa ndi m'bale. Munthu wothyoka mwendo timamupempherera uku tikumumanga. Wothyoka mtima ayenera zomwezo.

Palinso amene adzati madokotala kulibe, ndalama za HIV zikuchepa, makamaka chichokereni pamene boma la America linadula thandizo lake lambiri mu 2025, ndiye zochepazo zipite kwa achinyamata. N'zoona kuti madokotala a matenda a maganizo mu Mozambique ndi ochepa kwambiri, ndipo chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete chili kutali, kutsidya kwa Zambezi. Koma dziko lino linaona vutoli kalekale: kuyambira mu 1996 lakhala likuphunzitsa akatswiri apakati otchedwa técnicos de psiquiatria, amene amatumizidwa m'zipatala za m'maboma ndipo amaloledwa kulemba mankhwala. Odwala kwambiri ndi amene amafunika mapiritsi monga fluoxetine, ndipo ayenera kuperekedwa mosamala, popeza ena monga amitriptyline amachititsa chizungulire n'kugwetsa okalamba. Ambiri otsalawo amafunika mafunso ochepa ochokera kwa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, ndi munthu wowamvetsera. Pa nthawi ya kuchepa kwa ndalama, njira yotsika mtengo chonchi ndiyo yoyenera kuigwira ndi manja awiri. Ndipo kusiyanitsa agogo ndi achinyamata n'kudzinamiza, chifukwa m'nyumba zambiri amene amakumbutsa mwana wamasiye kumwa mankhwala ake ndi agogo omwewo. Akagwa iwo, mwanayo wagwa nawo.

Mwambi umati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma matenda awa amachotsa mphamvu yeniyeni yotsekulira chitsekocho. Choncho ogogoda tikhale ife. Mwana, mdzukulu kapena mnansi amene waona munda wagona asafulumire kunena kuti ndi ukalamba. Akhale pansi, afunse za tulo, za chakudya, za zimene zikuyenda mumtima, ndipo asadule mawu ndi kunena kuti "limbani mtima". Asakakamize munthu wamkulu kuulula za magazi ake. Akaulula yekha, chinsinsicho chisungidwe monga momwe amasungira za kudambwe. Agogo akayamba kunena zoti moyo wawakwana, kugawa katundu wawo kapena kutsanzika mosadziwika bwino, asasiyidwe okha, mankhwala oopsa a kumunda achotsedwe pafupi nawo, ndipo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Kufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu, koma kumamupatsa mpata wotula.

Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mbadwo uwu wazimitsadi moto wambiri: wa nkhondo ziwiri, wa kumsasa wa othawa kwawo, wa maliro a ana awo. Koma aliyense wolima dimba amadziwa kuti dambo nalo limauma likapanda kulandira madzi. Sayansi yagwira ntchito yake, yaika moyo wa zaka zambiri m'kabotolo kokwana m'dzanja. Ntchito yotsala ndi ya mudzi: kuti kabotolo kaja katsike m'denga kakhale poyera m'nyumba, ndiponso kuti mwini wake akhale ndi anthu amene akumudikira mawa, kaya kudimba, kumphakati kapena pansi pa mtengo pamene anzake akuwerenga mapiritsi.